HbA1c ya 5.8% mwa bambo amene shuga wawo ankapitirira 15 mmol/L masana: dapsone, khate ndi kope limene sindinalikhulupirire

Lipotili ndi la bambo a zaka 58 odwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri, amene ndinawachepetsera mankhwala pa nthawi imene ankafunika kuwonjezeredwa. Ndinatero chifukwa pepala la ku labu linasonyeza HbA1c (muyeso wa magazi wosonyeza shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) ya 5.8%, ngakhale kope limene iwo ankalembamo shuga wa kunyumba linkanena zosiyana kotheratu. Ndine kiliniko ofesala ndipo ndimaona odwala shuga ndi BP pa kiliniki ya mlungu ndi mlungu pa chipatala china cha boma. Bamboyu anandilola kulemba nkhani yawo. Dzina lawo, mudzi wawo ndi chipatala chathu sinditchula.

Mbiri ya wodwala

Ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene pano amalima mpunga ndi chinangwa. Anapezeka ndi shuga zaka 7 zapitazo. Ankamwa metformin 1000 mg m'mawa ndi madzulo, glibenclamide 5 mg m'mawa ndi madzulo, komanso enalapril wa BP. Alibe HIV, sasuta fodya, mowa anasiya kale. Chaka chapitacho ankalemera makilogalamu 66, hemoglobini yawo (puloteni yonyamula mpweya m'maselo ofiira a magazi) inali 13.8 g/dL ndipo HbA1c inali 8.1%.

Kamakina koyezera shuga anawatumizira mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo timapepala toyezera timabweranso kuchokera komweko. Kamakinako kamawerenga mu mmol/L monga amachitira ku South Africa, pamene ife pa kiliniki tinazolowera mg/dL. Kuti manambala awiriwa agwirizane, nambala ya mmol/L imachulukitsidwa ndi 18. Timapepalato n'todula, choncho ankayeza masiku anayi pa sabata, kawiri patsiku: m'mawa asanadye kanthu, ndi cha m'ma 4 koloko masana. Zonse ankalemba m'kope la ana a sukulu lojambula mizere ndi rula, tsiku, nthawi, nambala, ndi chimene adya. Sindinaonepo wodwala wina wosunga kope laukhondo chonchi.

Ulendo woyamba, kumayambiriro kwa January

Analowa atanyamula kopelo m'manja. Asanakhale pansi n'komwe anati, "Adokotala, manambala anga akwera, makamaka masana. Chakudya sindinasinthe."

Ndinatsegula kopelo. Pa masabata 6 apitawo shuga wa m'mawa ankakhala pakati pa 8 ndi 10 mmol/L, wa masana pakati pa 15 ndi 21. Kenako ndinayang'ana pepala la ku labu limene linabwera m'mawa womwewo. HbA1c 5.8%. Nambala imeneyi imayenderana ndi shuga wapakatikati wa 120 mg/dL, kutanthauza 6.7 mmol/L, wa munthu amene sangatchedwe n'komwe wodwala shuga. Manambala a m'kope akaphatikizidwa ankapereka shuga wapakatikati wa 13 mmol/L, umene umayenera kutulutsa HbA1c yoyandikira 10%. Kusiyana kwa 4 pa sikelo imeneyi n'kwakukulu kwambiri, ndipo chimodzi mwa ziwirizi chinali kunama.

Ndinasankha msanga chonamacho. Ndinapempha kabotolo ka timapepala. Kanali katatsegulidwa miyezi itatu yapitayo ndipo anandiuza kuti kamakhala pawindo la kuchipinda, pamene dzuwa la October ndi November linkawomba. Inalinso nyengo ya mango. Zonse ziwirizi zimasokonezadi kamakina: kutentha ndi chinyezi zimawononga timapepala, ndipo munthu akasenda bango n'kudzibaya chala asanasambe m'manja, nambala imakwera zedi. Ndinali ndi zifukwa ziwiri zomveka, ndiye ndinasiya kufufuza.

"Bambo, magazi amene tayeza akusonyeza kuti shuga wanu ali bwino kuposa chaka chatha," ndinatero.

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Ndiye kuti kamakinaka kakunama?"

"Ndikuganiza choncho. Muzisamba m'manja musanayeze, ndipo mugule timapepala tatsopano."

Chimene chinkandidetsa nkhawa tsiku limenelo chinali kutsika kwa shuga. Glibenclamide amagwira ntchito nthawi yaitali m'thupi, ndipo mwa munthu wachikulire amene HbA1c yagwa kuchoka pa 8.1 kufika pa 5.8, m'miyezi ya njala imene mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku, ndinkaona ngozi yoti angakomoke usiku kapena ali kumunda. Ndinachotsa piritsi la madzulo n'kuwauza kuti abwerenso pakatha miyezi itatu.

Pali zinthu zitatu zimene zinali pamaso panga koma ndinazilumpha. Nesi anali atawayeza shuga pakhomo m'mawa umenewo ndi kamakina ka chipatala, asanadye, ndipo anapeza 169 mg/dL, kutanthauza 9.4 mmol/L. Nambalayi inkagwirizana ndi kope, osati ndi labu, koma ndinangoganiza kuti anamwako tiyi. Khungu lawo linali litada mofiirira kuposa mmene ndinkawadziwira, ndipo ndinati ndi dzuwa la kudimba. Nditafunsa ngati pali mankhwala ena amene akumwa, anayankha motsitsa mawu kuti "a BP omwe aja," ndipo sindinabwerezenso funsolo. Chipinda chathu chimalekanitsidwa ndi mzere wa odwala ndi katani yekha. Zimene wodwala akunena mkati, wa pabenchi amamva.

Ulendo wachiwiri, patapita masabata 5

Sanadikire miyezi itatu. Anabwera pakati pa February akuyenda mogwiriziza, mayi akunyumba ali pambali. Mayiwo ndi amene anayamba kulankhula.

"Adokotala, abambowa akutha. Usiku sagona, amangodzuka kukataya madzi. Chigubu cha madzi akumwa chimatha kusanache. Nyuzipepala sakuthanso kuwerenga."

Atatero anakhuthula jumbo la mankhwala patebulo. Pakati pa metformin ndi enalapril panali paketi ya mankhwala a khate ya mwezi wathunthu, ija ya akuluakulu, ndi kapepala ka prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa.

Ndinatseka chitseko cha chipinda china n'kukhala nawo awiriwo. Apa ndi pamene nkhani yonse inatuluka. Mu August anapita ku kiliniki ya khungu chifukwa cha zigamba zotuwa zopanda mphamvu ya kumva pamsana ndi pamkono. Anapezeka ndi khate la mtundu wa zigamba zambiri ndipo anayamba mankhwala a miyezi 12: rifampicin 600 mg ndi clofazimine 300 mg kamodzi pamwezi, kenako clofazimine 50 mg ndi dapsone 100 mg tsiku lililonse. Mu November zigambazo zinatupa n'kufiira, mtsempha wa pachigongono unayamba kupweteka, zala ziwiri zakumapeto zinayamba dzanzi. Anzathu a kukhungu anachita zoyenera, anawayambitsa prednisolone 40 mg m'mawa uliwonse kuti apulumutse dzanjalo, n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Pofika February anali pa 20 mg. Zonsezi zinkalembedwa pa khadi lapadera limene silinali m'kabuku ka kuchipatala kamene ankabwera nako kwa ife.

"Bwanji simunandiuze, bambo?"

"Pabenchi paja panali anthu a kumpingo kwathu, adokotala. Ena ndinawaphunzitsa ndine."

Malawi anafika pa mlingo umene bungwe la WHO limati khate latha monga vuto la dziko mu 1994, kutanthauza odwala osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Ambiri aife tinatenga mawu akuti latha ngati mmene amamvekera, ndipo pa kiliniki ya shuga sitiliganiziranso. Odwala atsopano akupezekabe chaka chilichonse, ndipo manyazi amene dzinali limabweretsa sanachepe.

Powayeza ndinapeza izi. Ankalemera makilogalamu 61. Milomo inali youma, mtima ukugunda ka 102 pa mphindi, BP 128/78, thupi losatentha. Mkati mwa zikope munali motuwa, ndipo poyang'ana padzuwa maso anali ndi chikasu chochepa chimene m'chipinda sichinkaoneka. Kachipangizo ka pachala kankawerenga mpweya wa m'magazi wa 91%, wotsikirapo, pamene iwo ankapuma bwinobwino ndipo m'chifuwa munali moyera. Kapamba sanali wotupa. Mapazi onse awiri anali ndi dzanzi kumapeto kwa zala, opanda chilonda.

Shuga wa magazi a m'mtsempha ku labu anali 437 mg/dL, kutanthauza 24.3 mmol/L. Mumkodzo munali shuga wambiri koma ma ketone, amene akachuluka amasonyeza shuga wofika pangozi, anali ochepa kwambiri. Hemoglobini inali 9.6 g/dL, hematocrit (gawo la magazi lotengedwa ndi maselo ofiira) 29%, MCV (kukula kwa maselo ofiira) 101, yokwerako. Ma reticulocyte, amene ndi maselo ofiira ongotuluka kumene m'mafupa, anali 6%, pamene mwa munthu wamkulu wathanzi sapitirira kwenikweni 2.5%. Bilirubin inali yokwera, makamaka ija yosadutsa m'chiwindi, LDH yokweranso, zizindikiro zoti maselo ofiira akusweka, pamene ALT ya chiwindi ndi creatinine ya impso zinali bwino. Malungo sanapezeke pa kachipangizo ngakhale pa galasi. Mnzanga wa ku labu anandiitana kuti ndidzaone ndekha pa maikulosikopu: maselo ofiira ena anali ngati olumidwa m'mbali, chizindikiro chodziwika cha maselo owonongeka ndi mankhwala a mtundu wa dapsone.

M'mawa mwake tinayesa kamakina kawo kamene ndinkakanamizira kaja. Tinawabaya chala n'kutenganso magazi a m'mtsempha nthawi yomweyo. Kamakinako, ndi timapepala takale tomwe tija, kanati 11.8 mmol/L. Labu inati 11.1. Muyeso wa ISO 15197 wa 2013 umalola kamakina kusiyana ndi labu mpaka 15% shuga akakhala 100 mg/dL kapena kuposa, ndipo aka sikanafike ngakhale theka la pamenepo. Kukwera pang'onoko n'koyembekezeka, chifukwa magazi akachepa makina ambiri a kunyumba amawerenga mokwezako. Kope lija linkanena zoona kuyambira tsiku loyamba.

Chimene chinkachitika m'magazi

Shuga wa m'magazi amamatirira pa hemoglobini pang'onopang'ono, ndipo akamatirira sachokanso mpaka selo lofiiralo litafa. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. HbA1c ndi gawo la hemoglobini imene yamatiridwa shuga, n'chifukwa chake timati imasonyeza shuga wa masabata 8 mpaka 12 apitawo, ngakhale pafupifupi theka la nambalayo limachokera m'mwezi womalizira. Zinthu ziwiri zimapanga nambalayi: kuchuluka kwa shuga, ndi nthawi imene selo lakhala m'shugamo. Ife timawerenga choyambacho n'kungoganiza kuti chachiwiricho n'chofanana mwa aliyense.

Bambowa ndinawafotokozera ndi miphika. Mphika umene wakhala pamafuwa miyezi inayi umada mwaye, wa milungu itatu umakhala udakali wofiira, pamene moto ndi womwewo. Ngati miphika ya pakhomo ikusweka msanga n'kumagulidwa yatsopano, mlendo woyang'ana mwaye angaganize kuti pakhomopo saphika kawirikawiri. Anamvetsa ndisanamalize. "Ndiye kuti maselo anga akufa ali ana," anatero.

Dapsone amafupikitsa moyo wa maselo ofiira pafupifupi mwa aliyense womwa 100 mg patsiku, kungoti ambiri thupi limabwezeretsa osazindikira. Mwa munthu wopereweredwa enzyme ya G6PD, imene imateteza selo lofiira ku mankhwala oterewa, kuwonongekako kumakula. Vutoli n'lachibadwa ndipo limayenda pa chromosome ya X, choncho limaonekera kwambiri mwa amuna, ndipo n'lofala kumadera a malungo monga kwathu kuno. Padziko lonse anthu pafupifupi 400 miliyoni ali nalo. Anzathu amene akhalitsa pantchito akukumbukira Lapdap, mankhwala a malungo okhala ndi dapsone, amene anachotsedwa mu 2008 chifukwa cha kuchepa kwa magazi mwa odwala opereweredwa G6PD. Tinatumiza magazi a bambowa ku labu yaikulu ndipo G6PD inabwera yotsika. Ikanabwera yabwinobwino sindikanakhutira, chifukwa maselo aang'ono amakhala ndi enzyme yambiri ndipo angabise vutoli pa nthawi imene magazi akuwonongeka. Ikatero timayezanso pakatha miyezi itatu.

Mpweya wa 91% uja unachokeranso kwa dapsone. Mankhwalawa amasandutsa gawo la hemoglobini kukhala methemoglobin, imene imasokoneza kachipangizo ka pachala. Kunali kofunika kudziwa za G6PD ngakhale pa ichi chokha, popeza methylene blue, mankhwala a methemoglobin yochuluka, amawononganso maselo ofiira mwa munthu wopereweredwa enzyme imeneyi. Iwo sanafunike mankhwalawo.

Pamene dapsone ankakokera HbA1c pansi, prednisolone ankakankhira shuga m'mwamba. Munthu akamwa prednisolone m'mawa, shuga amakwera kwambiri kuyambira masana mpaka madzulo, n'kutsikako usiku. Ndi chithunzi chenicheni chimene chinali m'kope: 8 mpaka 10 m'mawa, 15 mpaka 21 masana. Nditabwerera m'masamba a m'mbuyo ndinapeza kuti manambala a masana analumpha pakati pa November, sabata imene anayamba prednisolone. Mango anali asanapse n'komwe kwawoko. Madzi a mango pachala sakanapereka manambala olongosoka chonchi masabata 6 otsatizana, ndipo timapepala towonongeka sitisankha masana okha. Ndikanawerenga kopelo kwa mphindi zitatu m'malo mwa theka la mphindi, ndikanaziona.

Mankhwala a khate anabisanso zizindikiro zake zomwe. Clofazimine amadetsa khungu mofiirira, moti kutuwa kwa kuchepa magazi sikuoneka msanga. Rifampicin amafiiritsa mkodzo, ndipo wodwala amauzidwiratu kuti asadabwe nazo, choncho mkodzo wakuda wa magazi owonongeka anautenga ngati zomwe anauzidwa zija. Kufooka ankati ndi ntchito ya kumunda. Ngakhale dzanzi la kumapazi likanatha kukhala la shuga kapena la khate.

Chithandizo

Tinawagoneka masiku anayi. Analandira madzi a m'dripi ndi insulini yogwira msanga mpaka shuga atatsika pansi pa 14 mmol/L ndipo ludzu litachepa. Sanafunike kuikidwa magazi.

Tsiku lomwelo ndinapita ndekha ku kiliniki ya khungu ndi zotsatira za ku labu. Tinagwirizana kusiya dapsone n'kupitiriza rifampicin ndi clofazimine mpaka miyezi 12 itakwana, monga malangizo a WHO amalolera pa khate la zigamba zambiri dapsone akavulaza wodwala. Prednisolone sitinamukhudze. Dzanja linali litayamba kubwerera, ndipo kumusiya mwadzidzidzi kukanawapha mphamvu ya zala, kapena kuwagwetsa kumene. Anzathuwo sankadziwa kuti wodwalayu ali ndi shuga, monga mmene ine sindinkadziwira kuti ali ndi khate. Zitseko zathu zatalikirana mamita osakwana 50.

Glibenclamide ndinamuchotseratu. Sakanakwanitsa shuga wa prednisolone, komanso mankhwala a gulu lake ali ndi chenjezo loti angawononge maselo ofiira mwa opereweredwa G6PD. Metformin anapitiriza. Tinayamba insulini ya NPH, yogwira ntchito pang'onopang'ono, m'mawa, nthawi imodzi ndi prednisolone, chifukwa mphamvu yake imafika pachimake pa maola omwewo amene prednisolone amakweza shuga. Tinayamba ndi mayuniti 12 n'kufika pa 20 m'masiku 10. Anapatsidwanso folic acid 5 mg patsiku. Kwawo kulibe firiji, choncho mayi anaphunzira kusunga insulini mumtsuko wa dothi pamalo ozizira, kabotolo kali m'kapulasitiki kuti kasanyowe.

Patsamba loyamba la kabuku ka kuchipatala ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti ali ndi vuto la G6PD, asapatsidwe dapsone, primaquine, nitrofurantoin kapena methylene blue, ndipo cotrimoxazole aperekedwe mosamala. Pansi pake ndinalemba kuti HbA1c isagwiritsidwe ntchito yokha posintha mankhwala a shuga.

Ndinawapepesa pamaso pa mayi. Ndinawauza kuti kope lawo linali lolondola, kuti ndinalakwitsa pochotsa piritsi lija, ndipo kuti masabata asanu a ludzu ndi kuwonda aja akanapeweka. Anangogwedeza mutu n'kufunsa ngati apitirize kuyeza 4 koloko kapena asinthe nthawi.

Mmene zinayendera

Kwa miyezi inayi sitinayezenso HbA1c. Mankhwala tinkasintha potengera kope lokha. Fructosamine, imene imayeza shuga womatirira pa mapuloteni a m'magazi ndipo imasonyeza masabata awiri kapena atatu, ikanathandiza chifukwa siidalira maselo ofiira, koma labu yathu ilibe. Kachipangizo komata pamkono koyeza shuga usana ndi usiku n'kosafikirika kwa mlimi wa mpunga. Tinangosintha kayezedwe osawonjezera timapepala: tsiku lina m'mawa ndi masana, tsiku lina usiku asanagone ndi maola awiri atadya nsima ya masana, kuti pa sabata tione maola osiyanasiyana.

Nthawi yovuta inali pamene prednisolone ankatsika. Iye akatsika, insulini iyeneranso kutsika, apo ayi shuga amagwa. Mu March, patangopita masiku atatu atatsikira pa 10 mg, anayamba kunjenjemera ndi thukuta ali kumunda cha m'ma 11 koloko. Kamakina kanati 3.6 mmol/L. Anamwa madzi a shuga amene mayi anawaikira m'thumba ndipo anakhala bwino. Kuyambira pamenepo ine ndi a kukhungu tinkawaona tsiku limodzi, ndipo aliyense akasintha mankhwala ake ankalemba m'kabuku kamodzi.

Hemoglobini inafika 11.4 patatha masabata 6, ndi 12.9 mu June. MCV inabwerera pa 90 ndipo ma reticulocyte anatsika pa 1.5%. Izi zinandichotsera nkhawa ina imene ndinali nayo, yoti mwina MCV ya 101 ija inachokera ku kuchepa kwa vitamini B12 chifukwa cha zaka 7 za metformin. Prednisolone anatha mu April. Insulini tinaisamutsira madzulo, mayuniti 12. Kulemera kunabwerera pa 65.

Mu June, miyezi inayi chisiyireni dapsone, HbA1c inali 7.5%. Shuga wapakatikati wa m'kope anali 10.5 mmol/L, amene amayenderana ndi 8.2%. Mpata unatsika kuchoka pa 4 kufika pa 0.7, koma sunatheretu, ndipo sindikuyembekeza kuti udzatha. Kafukufuku wamkulu wa majini amene anasindikizidwa mu PLoS Medicine mu 2017 anapeza kuti amuna akuda a ku America okhala ndi mtundu wa vuto la G6PD wofala mu Africa amakhala ndi HbA1c yotsika ndi pafupifupi 0.8 poyerekeza ndi anzawo, ngakhale asakumwa mankhwala alionse owononga magazi. Izi zikutanthauza kuti ngakhale 8.1% ya chaka chatha ija, imene ndinkaiona ngati yongopitirira pang'ono, iyenera kuti inkabisa shuga wokwera kuposa pamenepo, ndipo mwina zakhala choncho zaka zonse 7.

Zimene nkhaniyi yasintha pa kiliniki yathu

HbA1c ndi muyeso wabwino ndipo ndinamenyera nawo nkhondo kuti makina ake abwere pa chipatala chathu. Samuel Rahbar anaona koyamba hemoglobini yachilendoyi mwa odwala shuga ku Tehran mu 1968. Kafukufuku wa DCCT mu 1993 anasonyeza kuti kuitsitsa kumachepetsa kuwonongeka kwa maso, impso ndi mitsempha, ndipo mu 2011 WHO inavomereza 6.5% ngati malire opezera matenda a shuga, itachenjezanso za matenda a magazi amene amasokoneza muyesowu. Chenjezo limeneli ndi limene limatsala m'mabuku. Masamu amene timasinthira HbA1c kukhala shuga wapakatikati wa mu mg/dL, 28.7 kuchulukitsa ndi HbA1c n'kuchotsa 46.7, anachokera ku kafukufuku wa ADAG wa 2008, wa anthu 507, ndipo anthu ochepa magazi kapena a matenda ofupikitsa moyo wa maselo ofiira sanalowetsedwemo. Pa benchi yathu anthu oterewa ndi ambiri: amene angodwala malungo, a kapamba wotupa, oyembekezera, a impso zofooka, amene anaikidwa magazi posachedwa, a mtundu wa sickle cell, ena a pa ma ARV makamaka zidovudine. Mwa ambiri a iwowa HbA1c imatsika kuposa shuga weniweni.

Imanamanso mokweza. Magazi akachepa chifukwa chosowa ayironi, maselo amakhalitsa ndipo HbA1c imakwera. Mwezi watha mayi wina wa zaka za m'ma 40, wotaya magazi ambiri pa msambo, anabwera ndi HbA1c ya 8.4% pamene shuga wake wa kunyumba sankapitirira 8 mmol/L ngakhale atadya. Hemoglobini yake inali 8.9 ndipo MCV 68, yotsika ngati ya wosowa ayironi. Kale ndikanamuwonjezera glibenclamide. Analandira ayironi, ndipo tidzayezanso pakatha miyezi itatu.

Sindikufuna kuti wowerenga achoke ndi ganizo loti kope limapambana labu nthawi zonse. Nthawi zambiri HbA1c ikakwera pamene manambala a kunyumba ali abwino, chifukwa chake n'chapafupi: munthu amayeza m'mawa mokha asanadye, pamene shuga wa pambuyo pa nsima, mbatata kapena thobwa sakuwonedwa. Alipo ena amene amalemba manambala osangalatsa dokotala usiku woti mawa ndi kiliniki, ndipo makina ena ndi owonongekadi. Chimene chasintha n'chakuti ziwirizi zikasiyana ndi kupitirira 1 pa sikelo ya HbA1c, sindisintha mankhwala tsiku limenelo chifukwa cha pepala lokha. Ndimayeza kamakina ka wodwala limodzi ndi labu, ndimapempha full blood count (muyeso wa maselo onse a m'magazi), ndimawerenga kope kuyang'ana maola ndi sabata imene zinthu zinasintha, ndipo funso la mankhwala ena ndimalifunsa chitseko chili chotseka. Tsopano timapempha aliyense kubwera ndi jumbo la mankhwala onse a m'nyumba, kuphatikizapo ochokera ku makiliniki ena ndi azitsamba. A kukhungu nawo amayeza shuga ndi hemoglobini asanayambitse munthu prednisolone kapena dapsone, ndipo amabwerezanso pakatha mwezi.

Bambowa anamaliza mankhwala a khate mu August. Zala ziwiri zija zikugwira ntchito, ngakhale chaching'onocho chidakali ndi dzanzi kunsonga. Dzanzi la kumapazi silinasinthe, ndipo timayang'ana mapazi awo ulendo uliwonse. Mumkodzo mwapezeka puloteni pang'ono, choncho enalapril tamukweza kufika 20 mg. Ndawalembera kalata yokayezetsa maso ku chipatala chachikulu, popeza sanayezedwepo mkati mwa diso chipezekereni ndi shuga. Ali pa kope lachitatu, ndipo adzabweranso pakatha masabata 6.